Mng'ono wanga wapatsidwa talaka: kodi nyumba imene anaumbira njerwa aisiye?

Abiti wa ku Namwera:
Assalamu alaikum abale ndi alongo nonse, ndiponso moni kwa anzathu a mipingo ina amene tili nawo pano. Ndabwera ndi nkhani ya mng'ono wanga, ndipo ndamupempha chilolezo ndisanailembe, koma dzina lake, la mwamuna wake ndi la mzikiti sinditchula. Anamanga nikah, ndiwo ukwati wa Chisilamu, zaka 14 zapitazo ndipo ali ndi ana atatu. Patatha zaka zinayi ali m'banja, alamu anapita ku Joni kukasaka maganyu, ndipo kuyambira pamenepo akhala akubwera kamodzi pa zaka ziwiri.

Chaka chimene alamu ananyamuka, mng'ono wanga anayamba geni ya usipa: ankapikula kunyanja m'mamawa, kuuyanika, n'kupita nawo ku Limbe kawiri pa mwezi. Sindikana kuti ndalama zimene alamu ankatumiza pa Mukuru zinagula malata ndi simenti, ndipo puloti ya ku Mangochi boma inalembedwa m'dzina lawo. Koma njerwa anaumbitsa ndi mng'ono wangayu ndi ngongole ya banki mkhonde. Ndinamuona ndi maso angawa akutungira madzi anyamata oumba ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo usiku wootcha uvuni anachezera panja atafunda chitenje, kuopa kuti anyamata angagone moto n'kuzilala. Mazenera, zitseko ndi malipiro a mmisiri wokhoma denga zinachokera mu usipa womwewo.

Mwezi watha alamu anatumiza mawu pa WhatsApp onena kuti amusiya. Akuluakulu a kumzikiti anakhala pansi Lachisanu itatha swala, anamvetsera mawuwo kawiri, n'kugamula kuti talaka yagwa, ndiko kuti ukwati watha mwa Chisilamu. Kenako anafunsa ngati mahari, chuma chimene mwamuna amapereka kwa mkazi pa nikah, anaperekedwa onse, ndipo popeza mahari ake anali K3,000 ndi nsalu imodzi zimene analandira tsiku la nikah lomwelo, anati palibe ngongole yotsala, apite kwa amayi ake akakhale eda, nthawi imene mkazi wosiyidwa amadikira asanakwatiwenso. Mng'ono wanga atafunsa za nyumba, mkulu wina anati nkhani ya katundu si ya pabwalo limenelo, pamene wina anati katundu ndi wa amene dzina lake lili papepala. Tsopano achimwene awo a alamu akufuna makiyi, chifukwa kukubwera mkazi wina.

Mafunso anga ndi awiri. Kodi n'zoona kuti chipembedzo chathu chimalola mkazi kuchoka ndi chikwama cha zovala chokha pambuyo pa zaka 14? Ndipo kodi akapita ku khoti la boma ndiye kuti wanyoza chigamulo cha mashehe? Iye akuopa tchimo kuposa umphawi, ndipo n'chifukwa chake sanachite kanthu mpaka lero.

Shehe wa ku Liwonde:
Wa alaikum salaam, chemwali. Nkhani yanu yandimvetsa chisoni ndiponso manyazi, chifukwa inenso ndakhalapo pa mabwalo otere ndipo ndikudziwa mmene timathamangira kutsimikiza talaka, n'kuiwala kuti aya zimene zimanena za talaka ndi zomwezo zimene zimanena za chuma cha mkazi.

Choyamba ndi nyumba pa nthawi ya eda. Surat At-Talaq, aya yoyambirira, imaletsa mwamuna kutulutsa mkazi m'nyumba imene akukhala pa nthawi imeneyi, ndipo aya ya 6 imalamula kuti amukhazike mmene iye akukhala, asamuvutitse pofuna kuti athawe yekha. Ngati iyi ndi talaka yoyamba kapena yachiwiri, mwamuna ali ndi udindo wa chakudya, chovala ndi pogona pa mkaziyo mpaka eda itatha. Choncho mawu akuti apite kwa amayi ake akakhale eda ndi olakwika, ndipo amene akufuna makiyi lero akufuna chinthu chimene Qur'an yawaletsa.

Chachiwiri ndi chimene chimatchedwa mut'a, ndiko kuti mphatso yopepesera imene mwamuna amapereka kwa mkazi amene wamusiya. Ili mu Surat Al-Baqara, aya ya 241, ndipo yatchulidwa ngati udindo wa anthu oopa Allah. Ife Asilamu ambiri a kuno timatsatira madhihabu, kapena kuti chiphunzitso cha malamulo, a Imam Shafi'i, ndipo m'madhihabu amenewa mphatso imeneyi ndi yokakamizidwa kwa mwamuna amene wasiya mkazi amene anakhala naye m'banja. Kukula kwake kumayezedwa poona kupeza kwa mwamunayo ndi mmene mkaziyo alili. Ndikufunseni anzanga mashehe amene muli pano: ndi kangati pamene tinafunsapo za mut'a pa bwalo la talaka? Ine ndinayamba kufunsa posachedwapa, ndipo amuna ena amadabwa ngati ndapeka lamulo latsopano.

Chachitatu ndi ana. Kudya, kuvala, sukulu ndi mankhwala a ana ndi udindo wa bambo awo, kaya ukwati ulipo kaya watha, ndipo ngakhale mayi woyamwitsa amene wasiyidwa ayenera kupatsidwa zosowa zake.

Chachinayi, chimene chili pamtima pa nkhaniyi, ndi chakuti m'Chisilamu chuma cha mkazi sichisanduka cha mwamuna chifukwa cha ukwati. Surat An-Nisa, aya ya 32, imanena kuti akazi ali ndi gawo la zimene apata. Ndalama ya usipa inali yake, ndipo ataiika m'makoma a nyumba ija sinasiye kukhala yake, pokhapokha ngati iye mwini ananena momveka kuti akuipereka ngati mphatso. Mkulu amene anati katundu ndi wa amene dzina lake lili papepala analankhula maganizo ake, osati chiphunzitso. Kudya chuma cha munthu mopanda chilungamo ndi haramu, ngakhale munthuyo akhale mkazi wako wakale.

Pa funso lakuti kupita ku khoti ndi tchimo, yankho langa ndi lakuti ayi. Munthu woponderezedwa ali ndi ufulu wofuna chake kwa amene ali ndi mphamvu yomubwezera, ndipo ife mashehe mphamvu imeneyo tilibe.

Mayi a mapasa, Balaka:
Ashehe, Allah akulipireni zabwino. Ine ndinasiyidwa zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ndipo mawu akuti mut'a ndikuwamva lero koyamba. Ndinachoka tsiku lomwelo ndi ana kumbuyo, ndi mphika umodzi umene apongozi anga aakazi anandipatsa mobisa.

Nangozo, wothandiza anthu pa zamalamulo:
Amayi a ku Namwera, ndikufuna kuwonjezera mbali ya malamulo a boma, ndipo ndiyambe ndi mawu omaliza a Ashehe, chifukwa ndi oona. M'Malawi muno bwalo la kumzikiti kapena la kumpingo si khoti. Lingathe kuyanjanitsa anthu, kulangiza ndi kunena ngati ukwati watha pamaso pa chipembedzo, koma silingalamule kuti nyumba igulitsidwe, kuti munthu atulukemo, kapena kuti mayi alibe gawo. Zimene ananena akuluakulu aja sizinatseke khomo lililonse.

Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko lino limanena kuti ukwati ukatha, mosayang'ana kuti unamangidwa mwa njira yanji, mayi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali naye limodzi ndi mwamuna wake, ndiponso chithandizo choyenera, poganizira kupeza kwa mwamunayo ndi zosowa za ana. Pamwamba pa apo pali lamulo la maukwati la 2015, lotchedwa Marriage, Divorce and Family Relations Act, limene limazindikira mitundu inayi ya ukwati: wa kwa DC, wa chikhalidwe, wa chipembedzo, ndi wa anthu amene akhalira limodzi zaka zosachepera zisanu n'kumadziwika ngati banja. Lamulo limeneli limati maukwati onsewa ndi ofanana mphamvu, kotero nikah ya mng'ono wanu si yotsika poyerekeza ndi ukwati wa munthu amene ali ndi setifiketi ya boma.

Chimene chimandilimbitsa mtima kwambiri ndi gawo 74 la lamulo lomweli, limene limauza khoti zoyenera kuona pogawa katundu. Khoti limaona ndalama zimene aliyense amapeza, katundu amene ali naye, zosowa zake, msinkhu ndi thanzi lake, moyo umene banjalo linkakhala, komanso zimene aliyense anaikapo, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Kunena kwina, ngakhale mng'ono wanu akanakhala kuti sanagulitsepo usipa ndi tsiku limodzi lomwe, kulera ana atatu yekha zaka khumi ndi kuyang'anira ntchito yomanga kukanawerengedwabe. Makhoti athu afika patali pa mfundo imeneyi: mu 2020 High Court ku Blantyre inagamula kuti mayi amene anasunga banja pamene mwamuna wake ankaphunzira mpaka kupeza digiri ayenera kulipidwa chifukwa cha gawo lake pa maphunzirowo, mwamunayo atamusiya.

Tisaiwalenso mwambo wathu. Kwa Ayao, Achewa ndi Alhomwe, kumene mwamuna amapita chikamwini, iye amayenera kumangira mkazi wake nyumba kumudzi kwa mkaziyo, ndipo makhoti akhala akulamula amuna kumanga nyumba imeneyi kapena kupereka ndalama yake ukwati ukatha. Ngati pa nikah panali ankhoswe a mbali zonse ziwiri, funsani ngati udindo umenewu unakwaniritsidwa.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse n'zophweka. Khoti limafuna umboni, ndipo mlandu wokhudza nyumba ndi malo umatha kupita ku High Court, kumene kuli nthambi yoona za mabanja ndi chuma chamasiye, ndipo kumeneko zinthu zimatenga nthawi. Choncho lero lomwe asunge bwino kope la banki mkhonde losonyeza ngongole ndi tsiku limene anaitenga, malisiti a zitseko ndi mazenera ngati alipo, mauthenga a pafoni amene alamu anu ankamutuma za nyumbayo, ndiponso mawu a talaka aja asawafufute. Alankhule ndi mmisiri amene ankalandira ndalama m'manja mwake, ndi amfumu kapena mboni zimene zinalipo pogula puloti. Akatero apite ku Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwa kuti ithandize anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Ku Zomba kuli ofesi yawo. Makiyi asapereke, ndipo akabwera ndi chiopsezo akanene ku Victim Support Unit ya polisi.

Bambo wa ku Ntaja:
Ndawerenga zonse, ndipo ndikupempha kuti mundimve mofatsa ngakhale ndisiyane nanu. Sindikuikira kumbuyo mwamuna amene wasiya mkazi pa foni, chifukwa zimenezo n'zopanda ulemu. Nkhawa yanga ndi yakuti tikuphunzitsa akazi athu kuti mawu a mashehe ndi opanda pake ndipo chilungamo chili kwa majisitireti. M'Chisilamu mulibe lamulo lakuti katundu agawidwe pakati ukwati ukatha. Mwamuna amalipira mahari, amadyetsa banja zaka zonse, mkazi osakakamizidwa kutulutsa ndi tambala yomwe, ndiye pomaliza atengenso theka la nyumba? Mnyamata amene wagona m'kachipinda ka malata ku Joni zaka khumi, kuthawa apolisi ndi achiwembu, nayenso ali ndi thukuta lake m'nyumba imeneyo.

Maganizo anga ndi akuti m'malo mothamangira ku makhoti a boma, Asilamu tipemphe kuti tikhale ndi makhoti a Kadhi monga ali ku Kenya, kuti nkhani zathu ziziweruzidwa ndi anthu odziwa malamulo athu.

Abiti wa ku Namwera:
Achimwene a ku Ntaja, palibe amene wanena kuti alamu achoke chimanjamanja. Thukuta lawo lilimo ndithu, ndipo ndalitchula ndekha poyamba paja. Koma mwati mwamuna amadyetsa banja zaka zonse, pamene kwa mng'ono wanga inkatha miyezi inayi kapena isanu osalandira kanthu, ndipo ana ankadya usipa womwewo umene unatsala pa malonda. Ngati lamulo limapatsa mwamuna ulemu chifukwa chodyetsa banja, nanga amene anadyetsadi banjalo limupatsa chiyani?

Shehe wa ku Liwonde:
Achimwene, n'zoona kuti m'mabuku akale a fiqhi, malamulo a Chisilamu, mulibe mawu akuti theka ndi theka. Koma si zoona kuti maulama, akatswiri a chipembedzo, sanaganizirepo za mkazi amene wagwira ntchito n'kukulitsa chuma cha banja. Ku Morocco, zaka mazana anayi ndi kupitirira zapitazo, mwalimu wina dzina lake Ibn Ardun anapereka fatwa, chigamulo cha chipembedzo, yakuti akazi a kumidzi amene amalima, kukolola ndi kupuntha mbewu pamodzi ndi amuna awo ali ndi gawo pa chuma chimene chapezeka. Mfundo imeneyi imatchedwa al-kadd wa as-si'aya, kutanthauza kukhetsa thukuta ndi kuyesetsa, ndipo mu 2022 mkulu wa Al-Azhar, likulu lotchuka la maphunziro a Chisilamu ku Egypt, Sheikh Ahmed el-Tayeb, anapempha kuti itsitsimutsidwe. Lamulo la mabanja la ku Morocco la 2004, pa gawo 49, limalola mwamuna ndi mkazi kulemberana pangano la mmene adzagawire chuma chimene apeze ali m'banja, ndipo ngati panganolo palibe, woweruza amaona ntchito imene aliyense anagwira.

Ku Malaysia, kumene amatsatira Imam Shafi'i monga ife, makhoti a Sharia enieniwo amagawa chuma chimene banja lapeza pamodzi, chimene amachitcha harta sepencarian, ndipo maziko ake ndi mwambo wa anthu a kumeneko umene Sharia inaulandira. Ngati mwambo wa Amalay unalandiridwa, mwambo wa Chiyao umene umati mkazi asachoke wopanda denga ungakanidwe chifukwa chiyani? Mayi wa kunyanja amene amapikula usipa ndi yemweyo mayi wa kumapiri a ku Morocco amene Ibn Ardun ankamunena.

Vuto lathu, mmene ndikulionera, ndi lakuti tinatenga m'Sharia mbali imene imapeputsa mwamuna, ndiyo talaka, n'kusiya mbali imene imamulemetsa. Ngakhale mahari tinawasandutsa chizindikiro chabe. Makolo amauza mtsikana kuti atchule kandalama kochepa kuti asaoneke wadyera, pamene mahari ndi chuma chake cha iye mwini, chimene angathe kugwirizana kuti gawo lina lidzaperekedwe m'tsogolo, n'kulembedwa ngati ngongole pa mwamuna.

Nangozo, wothandiza anthu pa zamalamulo:
Pa nkhani ya makhoti a Kadhi, ndi bwino tidziwe mmene amagwirira ntchito ku Kenya tisanawasirire kapena kuwaopa. Ali m'gawo 170 la malamulo oyendetsera dzikolo a 2010, ndipo ndi mbali ya makhoti a boma, osati komiti ya mzikiti. Amaweruza nkhani za ukwati, kutha kwa ukwati ndi chuma chamasiye zokha, ndipo amatero pokhapokha ngati anthu onse a pa mlanduwo ndi Asilamu ndipo avomera kuweruzidwa kumeneko. Amene sanakhutire amakachita apilo ku High Court. Choncho chimene chimateteza mayi kumeneko si dzina la khotilo ayi, koma kuti mlandu umalembedwa, chigamulo chimakhala ndi zifukwa zake, ndipo pali wina pamwamba amene angachiunikenso. Pabwalo limene linaweruza mng'ono wa mnzathuyu panalibe ngakhale kope lolembamo zimene zanenedwa.

Ndikumbutsenso zimene zinachitika ku India, chifukwa mkangano wake ndi womwewu umene tili nawo pano. Mayi wina wa ku Indore, Shah Bano, anasiyidwa mu 1978 ali ndi zaka 62, atakhala m'banja zaka zoposa 40, ndipo mwamuna wake, amene anali loya, anati udindo wake watha ndi mahari ndi eda. Mu 1985 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti mayiyo ayenera kulandira chithandizo mwezi ndi mwezi monga mzika ina iliyonse. Atsogoleri ena achipembedzo anakwiya, ndipo boma la Rajiv Gandhi linakhazikitsa lamulo mu 1986 lofuna kuchepetsa mphamvu ya chigamulocho. Komabe mu 2001 khoti lomwelo linatanthauzira lamulolo kuti mwamuna ayenera, mkati mwa eda, kupereka zokwanira kusamalira tsogolo la mkaziyo, osati miyezi itatu yokha. Pakati pa mikangano yonseyo amene ankagona ndi njala anali amayi, ndipo sindikufuna kuti kuno tiwononge zaka zathu pokangana kuti wamkulu ndani pakati pa shehe ndi woweruza.

Mlamu wanu wa ku Mayfair, Johannesburg:
Ndikulemba ngati mmodzi mwa amuna amene tili kuno, ndipo ndivomere kuti talaka za pa foni zachuluka pakati pathu. Munthu akapeza mkazi wina kuno kapena abale akamunong'oneza mabodza a kumudzi, amajambula mawu usiku ali wokwiya, m'mawa banja latha. Ambiri amaganiza kuti popeza ali kunja, palibe lamulo limene lingawapeze, kuiwala kuti nyumba imene akuikanganirayo ili ku Malawi, ndipo khoti la ku Malawi lili ndi mphamvu pa iyo.

Kwa alongo athu amene anamanga nikah kuno ku South Africa, zinthu zasintha posachedwapa. Kwa zaka zambiri ukwati wa Chisilamu sunkazindikiridwa mokwanira ndi malamulo a dziko lino, ndipo mayi akapatsidwa talaka ku bungwe la maulama ankatuluka wopanda chogwira. Bungwe la Women's Legal Centre Trust linatengera nkhaniyi ku khoti, ndipo mu June 2022 Constitutional Court inagamula kuti kusazindikira maukwatiwa n'kuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Mu 2024 lamulo la kutha kwa maukwati linasinthidwa kuti mayi wa nikah athe kupempha khoti kuti ligawe katundu ndi kuteteza ana. Chovuta kwa anthu athu n'chakuti ambiri alibe mapepala okhalira kuno, ndipo amaopa kuyandikira ofesi iliyonse ya boma.

Amayi a ku Namwera, ngati mungafune kuti akuluakulu a kwathu amene ali kuno akakhale pansi ndi mwamunayo, ndiuzeni kumbali. Nthawi zina munthu amamva msanga akauzidwa ndi anzake amene amaswali nawo.

Nachisale, Leicester:
Ndingowonjezera chenjezo kwa amene ali kuno ku Britain, chifukwa kuno n'kosiyana ndi kwathu. Nikah yokha, yopanda kulembetsa ukwati ku boma, kawirikawiri siwerengedwa ngati ukwati, ndipo Court of Appeal inatsimikiza zimenezi mu 2020 pa mlandu wa mayi amene anakhala m'banja zaka pafupifupi 18. Makhonsolo a Sharia a kuno angathe kuthetsa ukwati mwa chipembedzo, koma alibe mphamvu yogawa nyumba kapena penshoni. Ndimauza atsikana athu kuti tsiku la nikah lisatalikirane ndi tsiku lokalembetsa.

Mayi wa Mvano, Zomba:
Ine ndine Mkhristu, ndipo ndikupempha abale athu Achisilamu asaone ngati nkhaniyi ikuloza iwo okha. Kwathu kumpingo banja likavuta, nkhani imapita kwa ankhoswe, kenako ku bwalo la akulu a mpingo, ndipo chimene chimakambidwa ndi chakuti walakwa ndani, adulidwe ndani, adye mgonero ndani. Za nyumba, munda ndi sukulu ya ana sizifunsidwa. Mayi akanena zopita ku khoti amakumbutsidwa kuti okhulupirira sasumirana, ndipo amabwerera kwawo ndi manyazi, pamene mwamuna akadikira nthawi ya chilango chake amabwezeretsedwa mu mpingo ali m'nyumba yomweyo ndi mkazi watsopano.

Ndinaperekezapo mnzanga wa m'chigwirizano ku bwalo lotere. Anali atanyamula kathumba ka pulasitiki kodzaza malisiti a simenti amene anasunga zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anakafukata pamiyendo pake kuyambira poyamba mpaka pemphero lotsekera, popanda ndi mmodzi yemwe womufunsa kuti muli chiyani. Pabwalopo panali amayi awiri okha, iye ndi ine. Ndimakhulupirira kuti pakanakhala amayi ena okhala nawo ngati oweruza, funso limenelo likanafunsidwa.

Bambo wa ku Ntaja:
Ashehe, za Malaysia ndi za Ibn Ardun sindinkazidziwa, ndipo ndikazifufuza. Ndikuumirirabe kuti nkhani ziziyambira kumzikiti, ndipo sindikondwera kuona Msilamu akuimika mnzake pamaso pa khoti. Koma ndikuvomera kuti ngati tikufuna kuti ziziyambira kwathu, bwalo lathu lisamatseke nkhani ya talaka lisanafunse za pogona pa eda, za mut'a, za ana ndi za katundu, ndipo zonse zilembedwe, mboni zisaine. Ndikakamba zimenezi ndi komiti ya mzikiti wathu Lachisanu likudzali.

Shehe wa ku Liwonde:
Mukatero mwachita bwino, achimwene, ndipo muwonjezere kuti mkazi azibwera ndi munthu wa kwawo womulankhulira, monga mmene Surat An-Nisa, aya ya 35, imanenera za nkhoswe wa kuchimuna ndi nkhoswe wa kuchikazi. Mwamuna akakana zimene bwalo lalangiza, ife tomwe timulembere mkaziyo kalata yonena zimene tinamva ndi zimene tinalangiza, kuti apite nayo ku khoti mutu uli m'mwamba.

Abiti wa ku Namwera:
Abale anga, ndabweranso patatha masiku asanu kuti ndikuuzeni pamene tafika. Ndinamuwerengera mng'ono wanga zonse zimene munalemba, ndipo pamene ndinafika pa mawu a Ashehe akuti kufuna chake si tchimo, analira nthawi yaitali. Makiyi sanapereke. Achimwene awo a alamu anabwera Lachiwiri madzulo, koma atapeza amalume athu atakhala pakhonde, anangopereka moni n'kubwerera.

Kope la banki mkhonde lapezeka kwa mlembi wa gulu lawo, ndipo likusonyeza ngongole zitatu zimene anatenga m'zaka zomanga nyumbayo. Mmisiri wa denga wavomera kuchitira umboni, ndipo wanena yekha kuti mwamunayo sanamuonepo ndi kamodzi komwe, ndalama zonse ankalandira kwa mayi. Malisiti a zitseko anadyedwa ndi chiswe, koma mauthenga a pafoni alipo, kuphatikizapo ena amene alamu analemba okha kuti "nyumba yathu".

Amalume anapitanso kwa akuluakulu a kumzikiti ndi aya zimene Ashehe anatchula. Mmodzi mwa iwo anavomera kuti anafulumira pa nkhani ya eda, ndipo agwirizana zokhalanso pansi mwamunayo ali pa foni, amayi awiri achikulire a mumzikitimo ali pomwepo. Alamu a ku Mayfair, ndakutumizirani uthenga kumbali. Ngakhale zili choncho, Lolemba tikupita ku Zomba ku Legal Aid, chifukwa eda ikutha mwezi wamawa ndipo sitikufuna kuti tsikulo litipeze tilibe pepala lililonse m'manja.

Anangozo, ndili ndi funso limodzi lotsala. Tamva mphekesera yakuti alamu akufuna kugulitsa nyumbayo mwachinsinsi kudzera mwa achimwene awo. Kodi pali chimene tingachite mlandu usanayambe?

Nangozo, wothandiza anthu pa zamalamulo:
Chilipo, amayi, ndipo chimenecho ndicho muyambe nacho Lolemba. Muwauze a Legal Aid za mphekeserayo musanafotokoze china chilichonse, kuti akapemphe khoti chiletso choimitsa kugulitsa kapena kusintha umwini wa nyumbayo mpaka mlandu utatha. Pakadali pano amalume anu akadziwitse amfumu a deralo, ndi ofesi imene inalemba pulotiyo, kuti nyumbayo ili pa mkangano, ndipo achite zimenezi polemba kalata n'kusunga ina yofanana nayo. Munyamule chiphaso cha mng'ono wanu, pepala la nikah ngati anapatsidwa, makadi a kusikelo kapena zikalata za kubadwa za ana onse atatu, kope la banki mkhonde lija, ndi foni imene ili ndi mauthengawo, ndipo mauthengawo muwatumizenso ku foni yanu usiku uno kuopa kuti yakeyo ingatayike panjira.